Mtsuko, Ndowa ndi Kabowo: Mbiri ya Kuthirira Modonthezera

Mwezi wa Okutobala ukafika, mitengo itayoyoka masamba ndipo dzuŵa likuswa mtengo, pamakhala ntchito imodzi imene imafanana ponseponse, kaya ndi kudimba la kudambo kapena pakhomo la m'tauni. Ntchitoyo ndi ya munthu wonyamula keni, kupita ndi kubwera pakati pa chitsime ndi mabedi ake. Wina akuthirira mpiru ndi matimati, wina akuthirira maluŵa amene anadzala m'mbali mwa khonde kuti pakhomo pazioneka pa anthu. Amathirira m'mamaŵa, koma pofika masana nthaka ija yauma gwa ngati sipanagwe dontho, ndipo madzulo ayenera kuyambanso. Kuno kwathu mvula imagwa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Novembala mpaka Epulo. Miyezi yotsalayo duŵa lililonse ndi tsamba lililonse la ndiwo zimadalira mkono wa munthu.

Tiyeni tiŵerengere pang'ono. M'nyengo yotentha, mbewu zokula bwino pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi zimamwa malita 5 kapena kuposerapo tsiku lililonse. Bedi la mamita 10 m'litali ndi mita imodzi m'lifupi lifuna tsono malita 50, ndiye kuti katundu wa makilogalamu 50. Mabedi akakhala asanu, munthu mmodzi asenza makilogalamu 250 dzuŵa lisanaloŵe. Chomvetsa chisoni n'chakuti madziwo safika onse pamizu. Ena amauma asanaloŵe pansi, ena amayenderera m'tinjira, ena amadyetsa udzu umene mwini munda adzavutikanso kupalira, ndipo madzi akatayika saoleka. Bungwe la FAO, loona za chakudya ndi ulimi pa dziko lonse, limaŵerengera kuti pa malita 100 othiridwa m'ngalande kapena mosefukira, pafupifupi 60 ndiwo amathandiza mbewu, pamene madzi operekedwa modonthezera pamuzu amathandiza okwana 90.

Nkhani yathu ya lero ndi mbiri ya kuthirira modonthezeraku. Ambiri timakuona ngati nzeru ya makono, ya m'minda ikuluikulu ndi ya anthu a ndalama. Koma tikatsata kumene kunachokera tipeza kuti kunayamba ndi chiŵiya chotsika mtengo chimene chili m'nyumba iliyonse ya kumudzi, kenaka kunakwera mtengo mpaka kuthaŵa m'manja mwa osauka, ndipo kwa zaka makumi asanu zapitazi anthu akhala akulimbana n'zakuti akutsitsenso. Mmodzi mwa amene analimbana kwambiri anali mlimi wa maluŵa.

Tiyambire ku China, zaka zoposa 2,000 zapitazo. M'nthaŵi ya mfumu Cheng ya ufumu wa Han, imene inalamula kuyambira chaka cha 33 mpaka cha 7 Yesu asanabadwe, kunali mlangizi wa zaulimi dzina lake Fan Shengzhi. Iye analemba buku la malangizo a ulimi. Buku lenilenilo linatayika, koma zigawo zake zinapulumuka chifukwa wolemba wina, Jia Sixie, anazikopera m'buku lake patapita zaka zoposa 500. M'zigawo zopulumukazo muli njira yolimira mavwende m'nthaka youma. Mlimi amakumba dzenje lotambalala, nasakaniza dothi lake ndi manyowa, ndipo pakati pa dzenjelo amakwirira mtsuko wadothi mpaka m'khosi, kukamwa kwake kulingane ndi nthaka. Akatero amadzaza mtsukowo ndi madzi, nadzala njere zinayi za mavwende mouzungulira, navundikira pakamwa pake ndi phale. Ntchito yotsala inali kuonjezera madzi akatsika basi.

Amene tinakulira kumudzi sitifuna katswiri kuti atiuze chimene chimachitika m'dzenjemo. Tonse tikukumbukira mtsuko wa madzi akumwa pakona ya nyumba, umene kunja kwake kunkakhala ngati watuluka thukuta, ndipo pansi pamene unkakhala panali ponyoŵa nthaŵi zonse. Dongo lootcha limene silinapakidwe kanthu lili ndi timipata tosaoneka ndi maso, ndipo madzi amadutsamo pang'onopang'ono. N'chifukwa chake madzi a mumtsuko amazizira, pakuti thukuta lija pouma limatenga kutentha. Tsono mtsukowo ukakwiriridwa, thukuta lija silipitanso mumpweya koma limamwedwa ndi dothi loukhudza. Chokoma koposa n'chakuti dothi likauma limakoka madzi mwamphamvu, likanyoŵa limaleka kukoka, kotero kuti mtsuko umapereka madzi ambiri tsiku lotentha ndi ochepa tsiku la mitambo, popanda wouuza. Mizu nayo imalondola chinyezi mpaka kukuta mtsuko wonse. Pamwamba pa nthaka pamakhala pouma, motero njere za udzu sizimera.

Njira imeneyi sinathere ku China kokha. Alimi a m'madera ouma a ku Iran, Pakistan, India, kumpoto kwa Africa, Mexico ndi Brazil akhala akuigwiritsa ntchito, ndipo olankhula Chisipanishi amautcha mtsuko wotere kuti olla. Koma mtsuko uli ndi malire ake. Umodzi umanyoŵetsa kadera kakang'ono kouzungulira, ndipo munda waukulu ungafune mitsuko mazanamazana, uliwonse wofuna munthu woudzaza. Choncho anthu anayamba kuganiza zotalikitsa mtsukowo kuti ukhale paipi. Cha m'ma 1860 akatswiri a ku Germany anayesa kukwirira mapaipi adothi pansi pa minda, oti azichotsa madzi nthaka ikanyoŵa kwambiri ndi kubweretsa madzi ikauma. M'zaka za m'ma 1920 anayesanso mapaipi oboola timabowo. Mu 1934, ku sukulu ya ukachenjede ya boma la Michigan ku America, O. E. Robey anayesa mapaipi a chinsalu chokhuthala chimene madzi amadutsamo pang'onopang'ono.

Onseŵa anapunthwa pamwala umodzi. Kuti madzi atuluke modontha, bowo liyenera kukhala laling'ono zedi. Koma bowo laling'ono limatsekeka ndi kamchenga kamodzi kokha, kapena ndere, kapena kamuzu. Mukalikulitsa kuti lisatsekeke, madzi amathamanga, mbewu za pafupi ndi gwero zimamira ndipo za kumapeto kwa mzere zimafa ndi ludzu. Ndikupemphani, omvera, kuti musunge nkhani ya kabowo aka, chifukwa tikumana nako mpaka kumapeto. Panalinso vuto la zipangizo: chitsulo chinali chodula ndiponso chimachita dzimbiri, chinsalu chimaola, dothi limasweka.

Vuto la zipangizolo linatha mwa njira yosayembekezeka. Mu 1933, ku fakitale ya kampani ya ICI ku Northwich, m'dziko la England, akatswiri aŵiri, Eric Fawcett ndi Reginald Gibson, anapeza mwangozi mtundu wa pulasitiki wotchedwa polythene. Anayamba kuupanga wambiri mu 1939, koma nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse inautenga wonse kukakutira mawaya a zida zoonera ndege za adani. Nkhondo itatha mu 1945, mapaipi a pulasitiki anafika pamsika, opepuka, opindika, osachita dzimbiri. Oyamba kuwayesa pothirira modonthezera anali alimi a ku England olima m'nyumba za magalasi, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940.

Tsopano tifike kwa munthu amene dzina lake limatchulidwa koposa m'mbiri imeneyi, Simcha Blass. Iye anabadwira ku Warsaw, m'dziko la Poland, mu 1897, ndipo anasamukira ku dziko limene panthaŵiyo linkatchedwa Palestine, lili m'manja mwa Britain. Anali katswiri wa zamadzi, mmodzi wa oyambitsa kampani ya madzi ya Mekorot mu 1937. Monga anasimbira iye mwini, tsiku lina m'zaka za m'ma 1930 mlimi wina anamuonetsa mzere wa mitengo yodzalidwa nthaŵi imodzi, mmene mtengo umodzi unakula kuposa inzake yonse, chikhalirecho panalibe wouthirira. Nthaka yake pamwamba inali youma. Atakumba anapeza kuti pafupi panadutsa paipi ya madzi imene inkadontha polumikizira, ndipo pansi panali dothi lonyoŵa loumbika ngati anyezi, mizu ya mtengo uja ili thithithi m'menemo.

Kuona ndi kwina, kupanga ndi kwina. Blass anasunga zimene anaonazo zaka zoposa makumi aŵiri, mpaka mapaipi a pulasitiki atapezeka ndiponso iye atasiya ntchito ya boma. Pamodzi ndi mwana wake Yeshayahu anayamba kuyesa, ndipo pofika 1959 anali ndi chipangizo chogwira ntchito. Nzeru yake inali yakuti asiye kulimbana ndi kuchepetsa bowo, koma atalikitse njira ya madzi. Anadutsitsa madziwo m'kanjira kotakasukirapo koma katali ndi kokhotakhota, kotero kuti pokhulana ndi makoma a kanjirako madzi amatha mphamvu, nafika potulukira atatopa, akungodontha. Zili ngati mtsinje wa m'chigwa umene umayenda mwaulesi chifukwa cha kukhotakhota kwake, pamene wa m'phiri umatsika ndi liŵiro. Popeza kanjirako sikanali kothina kwambiri, kamchenga kankatha kudutsa.

Mu 1965 Blass anachita pangano ndi anthu a ku Hatzerim, mudzi wa alimi olima pamodzi ndi kugaŵana zopeza, umene uli pafupi ndi mzinda wa Beersheba m'chipululu cha Negev, ku Israel. Anthu a m'mudzimo anali atavutika zaka zambiri ndi nthaka ya mchere ndi kusoŵa kwa madzi. Anayambitsa kampani yotchedwa Netafim, ndipo chaka chotsatira anayamba kupanga zipangizozo. Pofika zaka zoyamba za m'ma 1970 njirayi inali itafika ku Australia, ku South Africa ndi ku California, m'minda ya mphesa ndi ya malalanje. Maluŵa a rozi amene amalimidwa m'mbali mwa nyanja ya Naivasha ku Kenya, natumizidwa pandege ku misika ya ku Netherlands, amathiriridwa mwa njira yomweyi.

Koma taonani mbewu zimene tatchulazi: mphesa, malalanje, maluŵa ogulitsa kunja. Zonse ndi mbewu za ndalama zambiri, ndipo si mwangozi. Kuti madzi akankhidwe m'tinjira tokhotakhota tija m'munda waukulu pankafunika mphamvu yofanana ndi ya thanki yokwezedwa mamita 10, ndiye kuti injini ndi mafuta kapena magetsi. Pankafunikanso masefa odula, ndi paipi yakeyake pa mzere uliwonse wa mbewu. Nzeru imene inayamba ndi mtsuko woumbidwa ndi manja inasanduka katundu wa eni minda ikuluikulu. Mayi wa mabedi asanu uja sanali m'maganizo mwa wina aliyense.

Apa m'pamene akuloŵera mlimi wa maluŵa. Richard Chapin anabadwa mu 1917 ndipo ankakhala m'tauni ya Watertown, kumpoto kwa boma la New York, pafupi ndi malire a Canada. Kumeneko kumazizira kwambiri miyezi yambiri, choncho maluŵa amalimidwa m'timiphika, m'nyumba za magalasi. Vuto la Chapin silinali kusoŵa kwa madzi ayi. Linali la timiphika zikwizikwi, kalikonse kofuna kuthiriridwa pakokha ndi munthu wogwira paipi, tsiku ndi tsiku. Wantchito akatopa, kena ankakapatsa madzi ambiri, kena n'kukadumpha. Chapin anayala paipi imodzi pakati pa tebulo la maluŵa, ndipo kuchokera m'paipiyo anatulutsa timachubu toonda ngati chingwe cha nsapato, kalikonse kolunjika m'kamphika kake, ndi kachitsulo kolemera kumapeto kuti kasachoke. Munthu akatsegula mpopi umodzi, timiphika tonse tinkamwa nthaŵi imodzi ndiponso mofanana. Mu 1960 anayambitsa kampani ya Chapin Watermatics, ndipo alimi anzake a maluŵa anayamba kugula.

Kuchokera m'nyumba ya magalasi anatulukira kumunda. Cha m'ma 1964 anapanga paipi yopyapyala yonga lamba, imene imakhala yophwatalala ikakhala yopanda madzi ndi kufufuma madzi akaloŵa, ndipo anaitcha Dew Hose. Anaiyesa koyamba pa chilumba cha Long Island, pamodzi ndi mlangizi wa zaulimi Norman Smith, ndipo mbewu yake inali mavwende, monga kwa Fan Shengzhi. Ubwino wa lamba wotere unali wakuti amadya pulasitiki wochepa, amapindidwa ngati nsalu, ndipo safuna mphamvu yambiri yokankha madzi.

M'zaka za 1968 mpaka 1974 chilala choopsa chinagwa m'maiko a kumunsi kwa chipululu cha Sahara, nichipha anthu ndi ziŵeto zosaŵerengeka. M'nthaŵi imeneyo Chapin anaitanidwa ku Senegal ndi bungwe la Catholic Relief Services kuti akaone ngati zipangizo zake zingathandize m'madimba a ndiwo. Kumene anafikako kunalibe magetsi, kunalibe injini, kunalibe mpopi. Kunali chitsime, chingwe ndi ndowa. Tsono anachotsa zonse zimene zikanatheka kuchotsa, natsala ndi izi: ndowa ya malita 20 yopachikidwa pamtengo kapena pathandala mita imodzi kuchokera pansi, kasefa kakang'ono potulukira madzi, ndi malamba aŵiri a mamita 15 lililonse, okhala ndi potulukira madzi pa masentimita 30 aliwonse. Kukwera kwa mita imodziyo n'kokwanira kuyendetsa madzi mpaka kumapeto kwa mzere. Munthu amadzaza ndowa m'maŵa ndi madzulo, malita 40 patsiku, ndipo mbewu pafupifupi 100 zimamwa. Chapin anathera zaka zotsala za moyo wake kutumiza zipangizo za ndowazi m'maiko ambiri osauka kudzera m'mipingo ndi m'mabungwe othandiza, mpaka anamwalira mu 2014.

Ine ndimaona kuti pamenepa pali chinthu chofunika kuchilingalira. Blass anali katswiri wophunzira, wozoloŵera kuganiza za madzi a dziko lonse, ndipo anapanga chipangizo cha minda ikuluikulu. Chapin anali munthu wa timiphika, wozoloŵera kuŵerenga mbewu imodzi imodzi, ndipo sichinamuvute kuganiza za munda wa mizere iŵiri yokha. Amene amanyoza ulimi wa maluŵa kuti ndi maseŵera a anthu okhuta adziŵe kuti ndowa yothirira ndiwo za osauka inachokera kumeneko.

Panali wina amene anatsata njira yosiyana. Paul Polak anali dokotala wa matenda a maganizo, wobadwira ku Czechoslovakia mu 1933 ndi kukulira ku Canada, ndipo mu 1982 anayambitsa bungwe la International Development Enterprises. Iye ankakhulupirira kuti chinthu chopatsidwa ulere sichikhalitsa, ndi kuti chofunika n'kutsitsa mtengo mpaka mlimi wosauka agule yekha ndi ndalama zake. Pakati pa zaka za m'ma 1990 bungwe lake linayesa izi m'mapiri a ku Nepal. M'malo mwa tinjira tokhotakhota ta ku fakitale anaboola paipi wamba ndi kachitsulo kotentha. M'malo mwa paipi pa mzere uliwonse anaika paipi imodzi yoti mlimi azisuntha ndi manja kuchoka pa mzere uwu kupita pa winawo. M'malo mwa injini anaika mgolo pamalo okwera. Kunena zoona uku kunali kubwerera ku kabowo kakang'ono kamene Blass anakathaŵa, ndipo kankatsekeka monga kale. Kusiyana kwake n'kwakuti m'munda waung'ono mlimi amatha kuyenda mzere wonse ndi singano m'manja, natsegula kabowo kalikonse kotsekeka. Zimene mwini munda waukulu amalipira ndi ndalama, wosauka amalipira ndi maso ndi nthaŵi.

Koma otsitsa mtengo koposa onse sanali akatswiri kapena mabungwe. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, alimi a thonje a m'maboma a Madhya Pradesh ndi Maharashtra ku India, zitsime zawo zitatsika, anaona timapepala ta pulasiki tatitali tonga chubu timene ogulitsa amathiramo madzi otsekemera n'kuumitsa, aja ana athu amakonda kuyamwa m'nyengo yotentha. Kumeneko amawatcha Pepsee. Timapepalato timagulitsidwa m'mipukutu yaitali tisanadulidwe. Alimiwo anagula mipukutuyo, naiyala m'mizere ya thonje, naboola ndi singano pa phando lililonse. Zinkatha nyengo imodzi yokha n'kung'ambika, koma mtengo wake unali wochepa kwambiri kotero kuti kutaya ndi kugula zina sikunali kodandaulitsa. Pambuyo pake opanga zipangizo anatengera nzeruyo kwa alimi, nalimbitsa pulasitikiyo kuti asafe msanga ndi dzuŵa.

Tikafika kuno kum'mwera kwa Africa, mbiriyi ili ndi mbali yoŵaŵa imene sitiyenera kuibisa. Kuyambira 2002, m'zaka za chilala ndi njala, mabungwe othandiza anagaŵa zipangizo za ndowa ndi za migolo zikwi makumimakumi kwa mabanja a kumidzi ku Zimbabwe. Chiyembekezo chinali chachikulu. Koma akatswiri a bungwe la ICRISAT, limene lili ndi malo ofufuzira ku Matopos pafupi ndi Bulawayo, atayendera mabanjawo analemba mu 2007 kuti patangopita zaka ziŵiri kapena zitatu ambiri anali atasiya zipangizozo ndi kubwerera ku ndowa ya m'manja.

Zifukwa zake n'zoti mlimi aliyense angazimvetse. Choyamba, ndipo ndicho chachikulu, ambiri amene analandira anali kutali ndi madzi. Chipangizo chodonthezera chimasunga madzi pamuzu, koma sichifupikitsa mtunda wa kuchitsime ndi phazi limodzi lomwe. M'malo mwake chimaonjezera ntchito yokweza madzi kuthira mumgolo umene uli pamwamba. Mjigo wa m'mudzi ukayamba kuchepa madzi, anthu sangalole kuti wina azitunga za kumunda pamene anzake alibe akumwa. Kenaka kabowo kaja: madzi a kudambo ndi a mumtsinje ali ndi matope, ndipo sefa ikapanda kutsukidwa mzere wonse umatsekeka. Makoswe ndi mbeŵa zaludzu zinkatafuna malamba, ndipo m'sitolo ya pafupi munalibe cholumikizira. Ena ankati akaona nthaka youma pamwamba mtima unkakana kukhulupirira kuti mbewu zamwa, ndiye ankathiriranso ndi ndowa. Sitingawaseke, pakuti panalibe amene anakumba nawo pansi kuwaonetsa anyezi uja wa Blass. Chipangizo chinafika pagalimoto, koma mlangizi sanabwerenso.

Kwathu ku Malaŵi chipangizo chotsika mtengo chimene chinadziŵika kwambiri m'madimba ndi thiredo pampu, ija yopondaponda ndi miyendo. Inapangidwa ku Bangladesh cha m'ma 1980 ndi Gunnar Barnes wa ku Norway, inafika kuno m'zaka za m'ma 1990, ndipo boma linagaŵa zambiri m'zaka za m'ma 2000. Imeneyi imayankha funso lina, la kukweza madzi kuchokera m'chitsime chosaya kapena mumtsinje, osati la kuwagaŵira mbewu. Pambuyo pake pabwera mapampu oyendera mphamvu ya dzuŵa. Kumene ziŵirizi zakumana, pampu yodzaza thanki ndi malamba otsitsa madzi pamizu, m'pamene kudonthezera kumapindula kwenikweni. Kumene sizinakumane, keni ikulamulabe, ndipo ili ndi zifukwa zake: sitsekeka, khoswe saitafuna, ndipo wokhoma zidebe wa pamsika amaikonza ikabooka.

Chodabwitsa tsono n'chakuti chipangizo chimene Chapin anakonzera midzi ya chilala chimakomera koposa munthu wonga iye mwini, wa mabedi a maluŵa pakhomo pamene pali mpopi. Madzi a mumpopi ndi oyera, satseka timabowo msanga; palibe mtunda woyenda; ndipo lita iliyonse yopulumuka imaoneka pa bilu ya kumapeto kwa mwezi. Maluŵa ambiri, makamaka rozi, amadwala maŵanga ndi nkhungu masamba ake akamanyoŵa kaŵirikaŵiri, choncho madzi ofika pamuzu okha amawapulumutsanso ku matenda. Chofunika kukumbukira n'chakuti m'madera amene madzi ali ndi kamchere, monga mbali zina za chigwa cha Shire, mcherewo umasonkhana m'mphepete mwa dothi lonyoŵa lija, ndipo bedi limafuna kuthiriridwa mosefukira kamodzikamodzi ngati mvula yachedwa kudzautsuka.

Ndipo mtsuko uja sunafe. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, pa malo ofufuzira zaulimi a ku Chiredzi, m'chigwa chotentha cha kum'mwera chakum'maŵa kwa Zimbabwe, akatswiri a m'dzikomo pamodzi ndi anzawo a ku Britain anayerekeza njira zosiyanasiyana zothirira mabedi a ndiwo. Imodzi mwa zimene zinachita bwino inali ya timapaipi tadothi tatifupi, toumbidwa ndi kuotchedwa komweko, tondandalikidwa pansi pa bedi kumapeto ndi kumapeto, mbali imodzi yotseka ndi inayo yotulukira pamwamba pothirira madzi. Anapeza kuti imasunga madzi poyerekeza ndi kuthira mosefukira, ndipo munalibe m'menemo chogula ku fakitale. Botolo la pulasitiki loboola timabowo, limene ena amakwirira pambali pa mtengo wa zipatso kapena pa tsinde la duŵa, ndi mdzukulu wa mtsuko womwewo, ngakhale kuti lilibe nzeru ya dongo yoleka kupereka madzi dothi likakhuta.

Amene angafune kuyesa njira ya Fan Shengzhi pa bedi lake la maluŵa adziŵe kuti si mtsuko uliwonse umene ungagwire ntchitoyi. Wopakidwa utoto, wokulungizidwa kwambiri kapena wakale umene timipata take tinatsekeka ndi mafuta sutulutsa madzi. Wosapsa bwino umasungunuka m'nthaka. Oumba mbiya amadziŵa kusiyanitsa, ndipo ndi bwino kuwauza ntchito imene mtsukowo ukukagwira. Kuuyesa kwake n'kosavuta: udzazeni ndi madzi, muuike pamthunzi, ndipo ngati kunja kwake kwanyoŵa patapita maola ochepa, ndi woyenera. Muukwirire mpaka m'khosi, mudzale maluŵa motalikirana nawo ngati kutambalala kwa dzanja, ndipo masiku oyamba muthirirenso pamwamba kufikira mizu itaupeza. Pakamwa pake pazikhala povundikira nthaŵi zonse, kuopa kuti udzudzu ungaswanemo.